Munthu Asaime Yekha pa Bwalo la Milandu

PHUNZIRO LA MWEZI UNO

Owerenga athu, inu nonse mudziwa m'mene mlandu uyendera kumudzi. Mbuzi ikadya chimanga cha eni, kapena banja likasokonekera, a mfumu saweruza asanamve mbali zonse ziwiri. Ndiponso munthu safika yekha pabwalo. Afika ndi mwini mbumba, kapena ankhoswe, kapena mkulu wina wodziwa kuyala nkhani, kuti mwini mlandu akasowa mawu chifukwa cha mantha pakhale womlankhulira. Makolo athu anadziwa kuti munthu wogwidwa ndi mantha angathe kuvomera chimene sanachite.

Tsono taganizani za munthu yemweyo atagwidwa ndi apolisi, natengedwa kuboma, naimikidwa pamaso pa woweruza. Mabuku a malamulo ali m'Chingerezi. Abale ake ali kutali, ndipo ndalama yokwerera galimoto alibe. Womuimba mlandu anaphunzira ntchito yake, koma iye chibadwire sanalowemo m'khoti. Kodi amlankhulire ndani? Phunziro la mwezi uno lili pa funso limeneli. Tiona m'mene anthu a muno ndi a mayiko ena anathandizirana kuti wosauka nayenso akhale ndi nkhoswe pa bwalo la Boma, ndiponso chimene inu muyenera kuchita tsiku limene mbale wanu wagwidwa.

Pangano la mayiko

Itatha nkhondo yaikulu yachiwiri, imene makolo athu ena anamenya nawo m'gulu la asilikali a K.A.R., mayiko anapanga bungwe la United Nations mu 1945. Pa 10 Disembala 1948, mu mzinda wa Paris, bungweli linavomereza chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa anthu onse. Chikalatacho chili ndi ndime 30. Ndime ya 10 inena kuti munthu aliyense ayenera kumvedwa poyera ndi bwalo losakondera. Ndime ya 11 inena kuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira umboni utamgwira, ndipo apatsidwe zonse zofunika kuti adziteteze.

Mawu ake ndi abwino, koma chikalata chilibe miyendo. Sichingayende kukatsekula chitseko cha ndende. Pafunika anthu okumbutsa maboma chimene analonjeza. Mu 1961 loya wina wa ku London, dzina lake Peter Benenson, anayambitsa bungwe la Amnesty International. Njira yake inali yapafupi. Bungwe likamva kuti munthu wamangidwa chifukwa cha maganizo ake, kapena waweruzidwa mopanda chilungamo, liuza anthu ake m'mayiko ambiri, ndipo iwo alemba makalata aulemu kwa olamula dzikolo. Olembawo ndi anthu wamba: aphunzitsi, anamwino, ana a sukulu. Kalata imodzi ingatayidwe, koma makalata akafika matumbamatumba, olamula adziwa kuti mkaidi uja sanaiwalike.

Mlandu wa Bambo ndi Mayi Chirwa

Kuti timvetse chimene makalata otere angachite, ndi chimene sangachite, tiyeni tione mlandu umene unachitika m'dziko lathu lomwe lino.

Bambo Orton Chirwa anali loya woyamba wachikuda wa dziko lino, ndipo pamene tinalandira ufulu mu 1964 anali nduna ya za chilungamo. Akazi awo, Mayi Vera Chirwa, ndiwo mkazi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu Sepitembala 1964, banjali linathawira ku Tanzania. Mu Disembala 1981 anagwidwa cha kumalire a Zambia ndi Malawi. Iwo ananena kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia, koma Boma la nthawi imeneyo linati anagwidwa atalowa muno. Anaimbidwa mlandu woukira Boma.

Mlanduwo sunapite ku Khoti Lalikulu. Unapita ku bwalo lachimalawi la chigawo cha kumwera, ku Blantyre. Musasokoneze bwalo limeneli ndi bwalo la a mfumu anu la pansi pa mtengo. Mabwalo achigawo aja anali ndi mphamvu yolamula kuti munthu anyongedwe, oweruza ake anali kusankhidwa ndi Boma, ndipo loya sanali kuloledwa kuimira munthu. Bambo ndi Mayi Chirwa anadziimira okha, ndipo anakanizidwa kuitana mboni zina zimene anazifuna. Mu Meyi 1983 onse awiri analamulidwa kuti aphedwe. Apilo yawo inakanidwa mu 1984.

Imani pamenepa muganize. Anthu awiriwa anali odziwa malamulo koposa ambiri m'dziko muno. Ngati iwo sanathe kupeza chilungamo ataima okha, nanga mlimi wosadziwa kuwerenga akanatani?

Mbiri ya chigamulocho inamveka kunja. Amnesty International inauza anthu ake, maboma ena anadandaula, ndipo mpingo wa Church of Scotland unapempha chifundo. Mu Juni 1984 chilango cha imfa chinasinthidwa, nichikhala ndende ya moyo wonse. Awiriwa anasungidwa motalikirana, osaonana zaka 8, kufikira mu Sepitembala 1992 pamene gulu la maloya ochokera ku Britain linaloledwa kuwachezera. Mwezi wotsatira, pa 20 Okutobala 1992, Bambo Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba. Mayi Chirwa anamasulidwa pa 24 Januwale 1993.

Chotero mawu ochokera kunja anachotsa chingwe pakhosi pawo. Koma sanabweze zaka 11 zimene Mayi Chirwa anakhala m'ndende, ndipo sanapulumutse amuna awo. Thandizo lakutali ndi lofunika, koma lifika mochedwa, pakuti lifika mlandu utapotoka kale.

Dandaulo la ku Banjul

Amnesty International sinalekere pa makalata. Mayiko a mu Africa ali ndi pangano lawolawo la ufulu wa anthu, limene anavomerezana ku Nairobi mu 1981, ndipo Malawi analowamo mu 1989. Pangano limeneli lili ndi bungwe lomva madandaulo, limene likhala mu mzinda wa Banjul ku Gambia. Kumeneko kunaperekedwa dandaulo la Bambo ndi Mayi Chirwa. Bungwelo linapeza kuti Malawi anaswa pangano, pakuti kuweruza munthu womkaniza loya ndiko kumlanda ufulu wake wakumvedwa. Chigamulocho chinatuluka boma litasintha kale, koma bungwelo linati boma latsopano lisenza mangawa a boma lakale, monga momwe wolowa ufumu alowa ndi milandu imene anasiya malume ake.

Patapita zaka zowerengeka, Mayi Chirwa anasankhidwa kukhala m'bungwe lomwelo la ku Banjul, ndipo anapatsidwa ntchito yoyendera ndende za mayiko a mu Africa. Amene kale anali mkaidi anakhala woyang'anira kasungidwe ka akaidi.

Lamulo labwino, koma aligwiritse ndani?

Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 Juni 1993, mabwalo achigawo aja analeka kugwira ntchito. Mu 1994 dziko linalandira malamulo aakulu atsopano. Ndime ya 41 ya malamulo amenewa ipatsa munthu aliyense ufulu wopita kukhoti. Ndime ya 42 ifotokoza ufulu wa munthu wogwidwa, ndipo inena kuti pamene chilungamo chifuna, Boma limpezere loya ndi ndalama za Boma.

Komatu panali vuto. Maloya anali ochepa, ndipo pafupifupi onse anali m'mizinda ikuluikulu. Ndende zinadzala ndi anthu ongodikira mlandu. Ena anakhala miyezi, ena zaka, osaonekera pamaso pa woweruza. Ena anali oyenera belo, koma sanadziwe kuti belo achita kupempha. Ena mapepala awo anasokera. Abale kumudzi anangoti, "Zili m'manja mwa Boma," nakhala chete.

Mu 2000 kunayamba ntchito yatsopano. Bungwe la Penal Reform International, pamodzi ndi mabungwe a muno ndi akuluakulu a ndende, linaphunzitsa anthu 8 kuti akhale alangizi a za malamulo, amene ambiri awatcha maparalegal. Anayamba m'ndende zazikulu za Zomba, Chichiri, Maula ndi Mzuzu. Lero ntchitoyi idziwika ndi dzina la PASI.

Mlangizi wotere si loya. Afanana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, amene si dokotala, koma adziwa matenda ofala, athandiza msanga, ndipo adziwa nthawi yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Ntchito yake ndi iyi. Asonkhanitsa akaidi odikira milandu nawaphunzitsa m'chinenero chawo m'mene khoti liyendera. Kawirikawiri achita sewero: mkaidi wina akhala woweruza, wina woimba mlandu, wina wopempha belo, kuti tsiku lenileni likafika munthu asanjenjemere. Alemba mayina a amene akhalitsa nawapereka kwa apolisi ndi oweruza. Afunafuna makolo a ana ogwidwa, ndiponso abale amene angaimire munthu pa belo. Nthawi zina akonza kuti woweruza apite yekha kundende, nakhala pomwepo tsiku lonse kuona milandu ya anthu ambiri. Mwa njira imeneyi oyenera belo apatsidwa belo, ndipo amene mlandu wawo unafa kale abwerera kwawo.

Nzeru ya muno ipita kunja

Anthu ambiri aganiza kuti nzeru za ufulu wa anthu zichokera kunja kokha, ife nkumangolandira. Pa nkhani iyi sizinatero. Mayiko ena, monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh, anaona chimene chinali kuchitika m'ndende za ku Malawi natengera. Mu Novembala 2004 nthumwi za mayiko 26 zinasonkhana ku Lilongwe, ndipo zinalemba chikalata chotchedwa Lilongwe Declaration. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti thandizo la malamulo liyambe pa tsiku limene munthu wagwidwa, osati pa tsiku la mlandu pokha, ndiponso kuti kumene maloya ali ochepa alangizi ophunzitsidwa bwino aloledwe kuthandiza.

Bungwe la ku Banjul linavomereza chikalatachi mu 2006. Ndipo mu Disembala 2012 msonkhano waukulu wa United Nations ku New York unakhazikitsa mfundo zotsogolera mayiko onse pa za thandizo la malamulo kwa oimbidwa milandu, m'mene ntchito ya alangizi otere itchulidwa. Kuno kwathu lamulo la 2011 linapanga ofesi ya Legal Aid Bureau, imene inayamba ntchito mu 2015. Ntchito ya ofesiyi ndiyo kupereka loya kwa munthu amene sangathe kulipira yekha.

Chatsitsa dzaye

Pali mlandu wina umene uonetsa bwino m'mene a kunja, a m'tauni ndi a kumudzi angagwirire ntchito imodzi. Kale lamulo lathu linati aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha alamulidwe kuphedwa. Woweruza analibe mphamvu yosiyanitsa. Wopha munthu atapangana ndi anzake kuti ambere, ndi wopha mnzake pa ndewu ya pamowa, chilango chinali chimodzi. Akaidi 6 anadandaula ku Khoti Lalikulu pa mlandu wodziwika ndi dzina la Kafantayeni. Maloya a muno anathandizana ndi maloya a ku London, ndipo anasonyeza oweruza m'mene nkhani yofanana inagamulidwira pa mlandu wa ku Belize mu 2002. Mu Epulo 2007 khoti linagamula kuti chilango chokakamiza chotere chitsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Khoti silinathetse chilango cha imfa. Linati woweruza ayambe wamva za munthuyo ndi za m'mene zinthu zinachitikira asanasankhe chilango. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga.

Chigamulo chinatuluka, koma amene anaweruzidwa kale ndi lamulo lija anakhalabe m'ndende ya Zomba. Zinatha zaka pafupifupi 8 milandu yawo isanayambe kumvedwanso mwadongosolo. Mu 2015 ntchito inayamba, motsogozedwa ndi Malawi Human Rights Commission, pamodzi ndi Legal Aid Bureau, PASI, oimba milandu a Boma, bungwe la Reprieve la ku Britain ndi aphunzitsi a malamulo a ku Cornell University ku America. Koma mapepala a milandu yambiri anali atasowa. Nanga mbiri ya mkaidi ikanapezeka kuti? Inapezeka kumidzi. Alangizi aja anayenda kukafunsa abale, anansi ndi mafumu. A mfumu ndiwo anatha kunena kuti munthuyu anali mnyamata wamng'ono pa nthawiyo, kapena kuti mutu wake sunali kuyenda bwino chiyambire ubwana, kapena kuti chinali chaka cha njala, ndiponso ngati mudzi uli wokonzeka kumlandira. Mawu amenewa analembedwa naperekedwa kwa oweruza.

Wina adzafunsa kuti, "Nanga ofedwa aja?" Funso limeneli ndi loyenera. Oweruza anayeza kukula kwa tchimo pamodzi ndi mbiri ya wolakwa, ndipo amene mlandu wawo unali wolemera anapatsidwa zaka zambiri. Koma oposa 100 anapezeka kuti zaka zimene anakhala kale zinakwanira, nabwerera kwawo. Popanda umboni wa anthu a kumudzi, maloya ophunzira aja akanafika kukhoti manja ali m'thumba.

Mbale wanu akagwidwa, kumbukirani izi

1. Wogwidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wagwidwira, m'chinenero chimene amva.

2. Ali ndi ufulu wokhala chete. Palibe wololedwa kummenya kapena kumuopseza kuti avomere. Asasayine kapena kudinda chala pa pepala limene sanalimve.

3. Afike pamaso pa khoti asanathe maola 48. Nthawiyi ikathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, afike tsiku loyamba limene khoti litsekula.

4. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ku khoti woweruza angafune anthu omuimira kapena chikole cha ndalama. Mukapereka ndalama landirani lisiti ndi kulisunga bwino. Pa mlandu wakupha, belo ipemphedwa ku Khoti Lalikulu.

5. Lamulo linaika malire a masiku odikira mlandu munthu ali m'ndende: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Khoti lokha ndilo lingaonjezere masikuwa. Akapitirira, funsani.

6. Mwana wosakwana zaka 18 asasungidwe pamodzi ndi akulu. Makolo afike msanga, atatenga chilichonse chosonyeza zaka za mwanayo.

7. Wogwidwa aloledwa kuonana ndi mkazi kapena mwamuna wake, mbale, mtsogoleri wa mpingo ndi dokotala. Musaleke kukamuona. Mkaidi wosayenderedwa ndiye aiwalika.

8. Lembani m'kope tsiku limene anagwidwa, polisi imene ali, nambala ya mlandu ndi tsiku lililonse la khoti. Ngati simudziwa kulemba, pemphani mwana wa sukulu.

9. Ngati mulibe ndalama ya loya, funsani kukhoti kapena kwa Bwanamkubwa kumene mungapeze a Legal Aid Bureau kapena mlangizi wa malamulo.

10. Wosakhutira ndi chigamulo angachite apilo, koma masiku ake ndi owerengeka. Anene msanga.

Ngati mwalakwiridwa ndi wantchito wa Boma, makomo ena alipo: ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission. Kunja kuli bungwe la ku Banjul lija, ndiponso khoti la Africa la ufulu wa anthu limene likhala ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mu 2008 Malawi anavomera kuti munthu wamba akhoza kukadandaula yekha ku khoti limeneli. Koma dziwani kuti mabwalo akunjawa salandira dandaulo la munthu amene sanayambe wayesa makhoti a kwawo. Munthu sadumpha a nyakwawa kukagwada kwa Gogo Chalo.

Ufulu umene tafotokozawu suli wa wogwidwa yekha. Woberedwa nayenso apindula mlandu ukayenda bwino, pakuti wosalakwa akamangidwa ndiye kuti wakuba weniweni akali kuyenda m'mudzi. Ndipo musati izi ndi za akuba ndi ambanda okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi makalata ochokera kunja anathandiza chiyani pa mlandu wa Bambo ndi Mayi Chirwa, ndipo analephera chiyani?

2. Kodi mlangizi wa malamulo asiyana bwanji ndi loya?

3. Chifukwa ninji oweruza anafuna mawu a mafumu pa milandu ya akaidi a ku Zomba?

4. Kodi m'mudzi mwanu alipo amene ali m'ndende kudikira mlandu? Wakhalako masiku angati, ndipo anapita kukamuona ndani?

Tipempha mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo kuti awerengere anthu phunziro ili pa msonkhano, makamaka mfundo 10 zija. Inu amene mudziwa kuwerenga, sungani tsamba ili pamalo pouma, ndipo muwerengere anzanu amene sadziwa.